Mlandu wa a Dwane Casey: Kodi Mphunzitsi Wopambana Nkumuchotsa Ntchito?

 Nkhani yathu lero ndi ya mlandu umene udagaŵanitsa anthu okonda maseŵera m'dziko la Canada m'chaka cha 2018. Mlanduwo ngwa munthu amene aphunzitsi anzake adamusankha kuti ndiye adaposa onse pa ntchito chaka chimenecho, koma patangopita masiku aŵiri okha, abwana ake adamuitana ndi kumuuza kuti ntchito yatha. Munthuyo ndi Bambo Dwane Casey, ndipo timu imene ankaphunzitsa ndi Toronto Raptors, ya mpira wa basiketibolo.

Mwina wina afunsa kuti, nanga ife za kutsidya kwa nyanja zitikhudza bwanji? Aliyense amene adakhalapo pabwalo la mpira wa miyendo timu yake itagonja akudziŵa mawu amene ochemerera amanena potuluka pachipata: kochi ameneyu achoke. Mawuwo ngosavuta kuwatchula, koma kuseri kwake kuli ntchito ya munthu, mbiri yake ndi banja lake. Mlandu wa a Casey ngwoyenera kuti tiuone bwino chifukwa mbali zonse ziŵiri zili ndi umboni wolembedwa, ndiponso chifukwa tikudziŵa zimene zidachitika iwo atachoka. Tsono tiumve modekha monga momwe achitira akuluakulu pabwalo la mfumu, osadula munthu pakamwa.

Poyamba ndilongosole pang'ono za maseŵera ameneŵa, pakuti ambiri a ife tidazoloŵera mpira wa miyendo ndi wa ntchemberembaye. Basiketibolo adayambitsa ndi mphunzitsi wa zolimbitsa thupi wobadwira ku Canada, James Naismith, m'chaka cha 1891 mumzinda wa Springfield ku America. Timu iliyonse imaloŵetsa oseŵera 5 m'bwalo, ndipo cholinga nkuponya mpira kuti uloŵe mumkombero wachitsulo umene uli m'mwamba, mamita 3 ndi pang'ono kuchokera pansi. Wogoletsa ali pafupi amapata mapointi 2, wogoletsa ali kutali kunja kwa mzere amapata 3. Mu ligi ya NBA, imene ndi yaikulu koposa pa dziko lonse, maseŵero amatenga mphindi 48, ndipo timu ikagwira mpira iyenera kuponya masekondi 24 asanathe. Mphunzitsi angathe kutulutsa ndi kuloŵetsa oseŵera kangati konse, ngakhale kubwezamo amene adatuluka kale, ndipo ali ndi ufulu woimitsa maseŵero kangapo kuti alangize anyamata ake. Motero dzanja la mphunzitsi limaonekera poyera kuposa m'mpira wa miyendo, ndipo akalakwitsa, khamu lonse limaona.

Ligiyi ili ndi matimu 30, ndipo mwa amenewo imodzi yokha ndiyo ili kunja kwa America: Toronto Raptors, imene idayamba kuseŵera mu 1995. Chaka chilichonse timu imaseŵera maseŵero 82, kuyambira Okutobala mpaka Epulo. Zikatero matimu 16, ndiye kuti 8 a kum'maŵa ndi 8 a kumadzulo, amaloŵa m'chipulula. Kumeneko matimu aŵiri amakumana mobwerezabwereza kufikira ina itapambana kanayi, ndipo yogonjayo imabwerera kwawo. Kuti timu itenge chikho iyenera kudutsa ndime zinayi zoterezi. Omvera, gwiritsitsani mfundo iyi, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepa. M'maseŵero 82 aja timu imakumana ndi mdani wina lero, wina mkuja, ndipo palibe amene amakhala ndi nthaŵi yoiphunzira mokwanira. M'chipulula mdani amakhala mmodzi yemweyo kwa masabata aŵiri. Amafika podziŵa dzanja limene woseŵera aliyense amakonda, malo amene amaponyera, ndi munthu amene amafooka potchinga. Mphunzitsi amene sasintha nzeru msanga amagwidwa.

Nanga a Casey ndani? Adabadwa mu 1957 ndipo adakulira m'katauni kotchedwa Morganfield, m'chigawo cha Kentucky, kumene ali mnyamata adagwirapo ntchito m'minda ya fodya ndi mumgodi wa malasha. Adaseŵera m'timu ya University of Kentucky imene idatenga chikho cha masukulu a ukachenjede mu 1978. Adaphunzitsako ku Japan, adakhala zaka 11 ali wothandiza mphunzitsi ku Seattle, ndipo mu 2005 adapatsidwa timu ya Minnesota, imene idawachotsa mu Januwale 2007. Dzina lawo lidamveka mu 2011, pamene adali wothandiza ku Dallas Mavericks. Iwo ndiwo adakonza njira yotchingira imene idasokoneza katswiri LeBron James ndi timu yake ya Miami m'ndime yotsiriza. Dallas idatenga chikho, ndipo mwezi womwewo wa Juni Toronto idawalemba ntchito. Dzina la LeBron James limeneli mulisunge, pakuti tikumana nalo kaŵirikaŵiri.

Timu imene adaipeza idali yomvetsa chisoni. Chaka chapitacho idapambana maseŵero 22 okha nkugonja 60. Akatswiri ake aŵiri otchuka, Vince Carter ndi Chris Bosh, adali atachoka kale, ndipo pa zaka 16 idali itangodutsako ndime imodzi yokha ya chipulula, mu 2001. A Casey adaika mwala waukulu pakhomo la chipinda chovalira, nauza anyamata awo kuti woswa miyala amamenya kambirimbiri popanda mng'alu kuoneka, koma tsiku lina mwalawo umagaŵanika. Ndipo chiŵerengero chidayamba kukwera. Chaka choyamba, chimene chidafupikitsidwa chifukwa cha mkangano wa malipiro pakati pa oseŵera ndi eni matimu, adapambana 23. Chachiŵiri adapambana 34, kenaka 48, 49, 56 ndi 51. M'nyengo ya 2017 mpaka 2018 adapambana maseŵero 59, chinthu chimene timuyi idali isanachitepo, ndipo kwa nthaŵi yoyamba idatsogola matimu onse a kum'maŵa. Anthu amene ankasoŵa malo m'nyumba yoseŵereramo ankaima panja, pabwalo limene adalitcha Jurassic Park, kuonerera pa kanema wamkulu.

Koma ku chipulula nkhani idali ina. Mu 2014 adagonja kwa Brooklyn m'ndime yoyamba, 4 kwa 3. Mu 2015 Washington idawakwapula kanayi kotsatizana, osapambanako nkamodzi komwe. Mu 2016 adafika ndime yotsiriza ya kum'maŵa, kumene adakumana ndi Cleveland Cavaliers, timu imene LeBron adali atabwererako, nagonja 4 kwa 2. Mu 2017 adakumananso ndi Cleveland, nagonja 4 kwa 0. Pamenepo mkulu woyendetsa timu, a Masai Ujiri, amene adakulira ku Zaria m'dziko la Nigeria, adanena poyera kuti kachitidwe ka zinthu kayenera kusintha. A Casey adamva. M'malo modalira anthu aŵiri okha, DeMar DeRozan ndi Kyle Lowry, timu idayamba kupatsirana mpira kwambiri, kuponya ili kutali, ndi kukhulupirira achinyamata a pabenchi. Nchifukwa chake mu 2018 anthu a ku Toronto adalimba mtima kuti chaka chawo nchimenecho.

Ndime yoyamba adadutsa pogonjetsa Washington 4 kwa 2. M'ndime yachiŵiri adapezanso Cleveland ikuwadikira. Maseŵero oyamba adachitikira kwawo ku Toronto. Pa mphindi zonse 48 Cleveland sidatsogoleko, koma kumapeto anyamata a Toronto adaphonya mipata ingapo ali pansi penipeni pa mkombero, ndipo m'nthaŵi yoonjezera adagonja 113 kwa 112. Pa maseŵero achiŵiri LeBron yekha adagoletsa mapointi 43, ndipo Toronto idagonja 128 kwa 110 pamaso pa anthu ake. Pa achitatu, ku Cleveland, DeRozan adaseŵera mofooka kotero kuti a Casey adamukhazika pabenchi chigawo chonse chotsiriza. Anzake adalimbikira mpaka kufananitsa mapointi kutatsala masekondi 8. Apo LeBron adalandira mpira cha kumbuyo, nathamanga nawo bwalo lonse ali ndi womutchinga mmodzi yekha, OG Anunoby, mnyamata amene adali m'chaka chake choyamba, naponya ali m'malere. Mpira udagunda thabwa nkuloŵa belu likulira, 105 kwa 103. Achinayi sudali mpikisano ayi, pakuti adagonja 128 kwa 93. Onyoza adayamba kuutcha mzindawo LeBronto.

Maseŵero otsirizawo adachitika pa 7 Meyi. Pa 9 Meyi bungwe la aphunzitsi a NBA lidalengeza kuti a Casey ndiwo mphunzitsi wa chaka. Pa 11 Meyi a Ujiri adawachotsa, nanena kuti chimenecho chidali chinthu chovuta koposa chimene adachitapo pa moyo wawo. Pa 25 Juni ligi nayonso idapatsa a Casey mphotho ya mphunzitsi wa chaka, imene amavotera ndi atolankhani, ndipo adakailandira ali kale mphunzitsi wa timu ina, Detroit Pistons. Apa ndiye mkangano udabuka pa mawailesi, m'manyuzipepala ndi m'nyumba za anthu.

Tiyambe kumva mbali ya oikira kumbuyo a Casey. Mfundo yawo yoyamba idali chiŵerengero. Pa zaka 7 a Casey adapambana maseŵero 320 a ligi nagonja 238, ndipo palibe mphunzitsi wina wa Toronto amene adafikapo pamenepo. Ngati munthu wotere achotsedwa, iwo ankafunsa, amene angapulumuke ndani? Mfundo yachiŵiri idali yakuti atauzidwa kuti asinthe, adasinthadi, ngakhale adali munthu wa zaka 60 amene ali ndi njira zake zozoloŵera. Ndipo achinyamata adakulira m'manja mwawo. Fred VanVleet ndi mnyamata amene matimu onse 30 adamulambalala pa chisankho cha oseŵera atsopano mu 2016. Pascal Siakam wa ku Cameroon adasankhidwa wa nambala 27 chaka chomwecho. Onse aŵiri adasanduka anthu odalirika a Casey akuwayang'anira.

Mfundo yachitatu idali LeBron mwini wake. Kuyambira 2011 mpaka 2018, zaka 8 zotsatizana, palibe timu ya kum'maŵa imene idatulutsa timu ya LeBron m'chipulula. Mu 2015 Atlanta idapambana maseŵero 60 a ligi, koma itakumana naye idagonja 4 kwa 0, ndipo mphunzitsi wake, a Mike Budenholzer, sadachotsedwe. Kodi matalala akaononga minda ya mudzi wonse, mfumu imalanda khasu la mlimi mmodzi? Pomaliza adakumbutsa kuti mphunzitsi saponya mpira. Maseŵero oyamba adasiyana ndi pointi imodzi, achitatu ndi mapointi 2. Mpira umodzi wokha ukadaloŵa pa maseŵero oyamba aja, mwina lero tikadakamba zina. Iwo ankati chifukwa chenicheni nchakuti mphunzitsi ndiye wosavuta kumuchotsa. Oseŵera a NBA kaŵirikaŵiri amakhala ndi mapangano amene timu iyenera kulipira mpaka kumapeto, ndipo ligi idaika malire a ndalama zimene timu ingawononge pa oseŵera. Malipiro a mphunzitsi saŵerengedwa m'malire amenewo. Tsono anthu akakwiya, chitseko chotseguka msanga nchake.

Tsopano timve mbali inayo. Iwo sadakane kuti a Casey adamanga timu. Chimene ankanena nchakuti matimu 30 onsewo amapikisanirana chikho, ndipo chikho chimapezeka m'chipulula. Kumeneko a Casey adapambana maseŵero 21 nagonja 30. Pa maseŵero 14 amene adakumana ndi Cleveland m'zaka zitatu, adagonja 12, ndipo 10 otsirizawo adagonja motsatizana. Pa nkhani ya LeBron, iwo adayankha kuti Cleveland ya 2018 idali yofooka kuposa ya zaka za m'mbuyo. Kyrie Irving, mnzake wodalirika wa LeBron, adali atachoka mu 2017. Mu Febuluwale 2018 timuyo idasinthanitsa oseŵera ambiri nyengo ili pakati, ndipo idamaliza pa nambala 4 itapambana maseŵero 50. Indiana idalimbana nayo mpaka maseŵero 7. Boston, imene idadalira achinyamata chifukwa Irving ndi Gordon Hayward adali ovulala, nayonso idafika maseŵero 7. Matimu aŵiriwo adapambanako katatu iliyonse. Toronto, imene idaposa matimu onse a kum'maŵa m'ligi, sidapambaneko. Kunena kuti LeBron amagonjetsa aliyense kungalongosole kugonja, koma sikulongosola kugonja kopanda kanthu m'manja zaka ziŵiri zotsatizana.

Otsutsawo adalozanso masekondi 8 aja. Dziko lonse lidadziŵa munthu amene mpira uti upite kwa iye. Bwanji sadamutsekereze asanaulandire? Bwanji sadatumize anthu aŵiri kuti amukakamize kupatsira mnzake, woponya wotsirizayo akhale wina? Imeneyo, iwo ankati, ndi nzeru yochokera pabenchi, ndipo sidabwere. Adanenanso kuti patapita zaka 7 mawu a munthu mmodzi amazoloŵereka m'makutu mwa oseŵera, ndi kuti anyamata a Toronto ankaoneka ngati agonja kale mumtima akangoona yunifomu ya Cleveland. Pangano la a Casey lidali litatsala ndi chaka chimodzi, motero abwana adayenera kusankha kuliwonjezera kapena kusiyana nawo. Ndipo a Ujiri sadachite mopupuluma. Iwo adafika ku Toronto mu 2013 napeza a Casey ali kale pa ntchito, olembedwa ndi munthu wina. Adawasunga zaka 5, ngakhale pambuyo pa manyazi a 2015. Amene amalandira ulemu timu ikapambana ayenera kusenzanso mlandu ikagonja. Paja akulu adati mutu ukakula suleŵa nkhonya.

Nanga chidachitika nchiyani pambuyo pake? Mu Juni 2018 a Ujiri adakweza a Nick Nurse, amene adali wothandiza wa a Casey kuyambira 2013. Iwo adaphunzitsako zaka zambiri ku Britain ndi m'ligi yaing'ono ya ku America, koma adali asanatsogolerepo timu ya NBA. Kumayambiriro kwa Julayi LeBron adachoka kum'maŵa kupita kumadzulo, ku Los Angeles Lakers. Pa 18 Julayi a Ujiri adachita chinthu chimene chidaŵaŵa anthu ambiri a ku Toronto: adapereka DeRozan, amene adaseŵerera timuyo zaka 9 ndipo ankaukonda mzindawo, kwa San Antonio Spurs, nalandira Kawhi Leonard ndi Danny Green. Leonard adali ataseŵera maseŵero 9 okha chaka chapitacho chifukwa cha kuvulala, ndipo akadatha kuchoka patangopita chaka chimodzi. Mu Febuluwale 2019 adatenganso Marc Gasol wa ku Spain kuchokera ku Memphis.

Timu yatsopanoyo idapambana maseŵero 58 a ligi, kupereŵera amodzi pa a chaka cha a Casey. M'chipulula idadutsa Orlando 4 kwa 1. Ndi Philadelphia zidafika pa maseŵero a nambala 7, pa 12 Meyi 2019, ndipo belu likulira mpira wa Leonard udadumphadumpha kanayi pamkombero usanaloŵe, 92 kwa 90. Ndi Milwaukee idagonja kaŵiri koyamba. A Nurse adapatsa Leonard ntchito yotchinga katswiri wawo, Giannis Antetokounmpo, ndipo Toronto idapambana kanayi kotsatizana. M'ndime yotsiriza, polimbana ndi Golden State Warriors, a Nurse adayesako njira imene kaŵirikaŵiri imaoneka m'maseŵero a ana a sukulu: munthu mmodzi kumamatira Stephen Curry kulikonse, anayi otsalawo kulondera malo. Golden State nayo idagwa m'tsoka. Kevin Durant adaseŵera mphindi zoŵerengeka chabe nkuduka mtsempha wa kuchidendene, ndipo Klay Thompson adavulala bondo pa maseŵero otsiriza. Pa 13 Juni 2019 Toronto idapambana 114 kwa 110, nitenga chikho 4 kwa 2. Kadali koyamba kuti chikho cha NBA chituluke m'dziko la America, ndipo pakati pa amene adachinyamula padali Siakam wa ku Cameroon ndi Serge Ibaka wobadwira ku Brazzaville.

Amene ankafuna kuti a Casey achoke adati, mwaonatu. Koma omvera, tifatse. Mlimi akasintha mbewu, nasintha feteleza, nasamukira kumunda wina, ndipo chaka chomwecho mvula nkugwa bwino, akakolola zochuluka adzaloza chiti kuti ndicho chamuthandiza? Ku Toronto zinthu zinayi zidasintha nthaŵi imodzi. Mphunzitsi adasintha, katswiri wa timu adasintha, LeBron adachoka panjira, ndipo adani a m'ndime yotsiriza adavulala. Mpira wa Leonard uja ukadadumphira kunja, maseŵero akadaloŵa m'nthaŵi yoonjezera, ndipo a Nurse akadatha kutulukira m'ndime yachiŵiri yomweyo imene idachotsetsa a Casey. Komanso sitingakane kuti kusintha nzeru msanga kumene otsutsa ankakusoŵa kudaonekadi ku Milwaukee ndi ku Golden State.

Zaka zotsatira zidapereka umboni ku mbali zonse. Leonard adachoka mu Julayi 2019, koma a Nurse adapambanabe maseŵero 53 mwa 72 nalandira mphotho ya mphunzitsi wa chaka mu 2020. A Casey, m'chaka chawo choyamba ku Detroit, adagonjetsa Toronto katatu konse kamene adakumana, kuyambira pa 14 Novembala 2018 pamene adapambana 106 kwa 104 mumzinda womwe udawachotsa. Adamaliza chakacho atapambana 41 nkugonja 41. Pambuyo pake Detroit idayamba kumanganso timu ndi achinyamata, ndipo m'chaka chawo chotsiriza adapambana 17 okha. Mu Epulo 2023 adasiya kuphunzitsa nakagwira ntchito ya mu ofesi ya timuyo. Mwezi womwewo Toronto idachotsa a Nurse, munthu amene adaibweretsera chikho, atapambana 41 nkugonja 41. A Ujiri nawonso adasiyana ndi timuyo mu Juni 2025. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Tikayang'ana matimu ena, mbiri siipatsa mbali imodzi chigamulo. Mu Januwale 2016 Cleveland idachotsa a David Blatt timu ili patsogolo, itapambana 30 nkugonja 11, ndipo woloŵa m'malo mwawo, a Tyronn Lue, adatenga chikho chaka chomwecho. Kumapeto kwa 2010 Miami idayamba moipa, itapambana 9 nkugonja 8, ndipo anthu ambiri adafuula kuti a Erik Spoelstra achoke. Mkulu wa timu, a Pat Riley, adatseka makutu, ndipo a Spoelstra adatenga chikho mu 2012 ndi mu 2013. Ku Utah, a Jerry Sloan adaphunzitsa kuyambira 1988 mpaka 2011. Adafika ndime yotsiriza mu 1997 ndi mu 1998, nagonja kaŵiri konse kwa Michael Jordan ndi Chicago, koma eni timu sadawachotse. Adachita kutula okha udindo, chikho osachigwirapo. Kuchotsa kudabalapo chikho, kusunga kudabalaponso, ndipo kwina zonse ziŵiri sizidabale kanthu.

Ine ndikuona kuti mkanganowu suthera pamodzi chifukwa mbali ziŵirizo zimayankha mafunso osiyana. Oikira kumbuyo a Casey amafunsa kuti, kodi adalakwa chiyani choyenera chilango? Pa funso limenelo yankho nlakuti palibe. Otsutsa amafunsa kuti, kodi timu ikadapitirira pamene idafika ili m'manja mwawo? Pa limenelo, umboni wa zaka zitatu zotsatizana ukusonyeza kuti nzokayikitsa. Ganizo langa nlakuti a Casey sadayenere kunyozedwa, komanso a Ujiri sadalakwe. Chimene chimandivomeretsa ndi njira imene adatsata. Adadikira zaka 5. Adanena poyera chofunika kusintha, napereka chaka chathunthu kuti chiyesedwe. Ndipo sadalekere pa mphunzitsi. Akadachotsa a Casey okha nkusiya oseŵera onse monga adaliri, tikadati adangofuna kutontholetsa khamu. Popereka DeRozan kuti atenge munthu wovulala amene akadatha kuthaŵa chaka chimodzi chitatha, adaika dzina lawo lomwe pachiswe.

Ngakhale zili choncho, mtengo wake tisauiŵale. Lowry, Siakam, VanVleet ndi Norman Powell, amene adathandiza kunyamula chikho cha 2019, onse adadutsa m'manja mwa a Casey. Munthu amene adasosa, kubzala ndi kupalira sadakhalepo pa tsiku lokolola. Wochemerera woona mtima angathe kuvomereza kuti nthaŵi yosintha idakwana, koma osafafaniza zaka 7 za thukuta la mnzake.

Tsono inu omvera, tsiku lina timu yanu ikadzagonja ndipo mawu aja akadzafika pamlomo, mudzayambe mwadzifunsa mafunso anayi. Loyamba, kodi mphunzitsiyo adapatsidwa oseŵera otani, ndipo adani ake ali ndi otani? Lachiŵiri, kodi oseŵerawo akukula m'manja mwake kapena akubwerera m'mbuyo? Lachitatu, kodi akugwa pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka osasintha kanthu, ngakhale atachenjezedwa? Lachinayi, amene ati aloŵe m'malo mwake ndani, ndipo adzachita chiyani chimene uyu walephera? Pa mlandu wa a Casey mafunso aŵiri oyambawo adawaikira kumbuyo, lachitatu lidawatsutsa, ndipo lachinayi lidali ndi yankho chifukwa a Nurse adali pomwepo. Wofuula amene sangathe kuyankha lachinayili ayambe wakhala pansi.

Mwamva mbali zonse ziŵiri, mwamvanso ganizo langa. Mwina ena a inu simukugwirizana nalo, ndipo tidzakondwa kulandira makalata anu otiuza chifukwa chake. Mukadakhala inu pampando wa a Ujiri m'maŵa wa pa 11 Meyi 2018, chikho cha 2019 musanachione, mukadatani?